Zitsulo za a Kaputeni

"Zolemera zonse patseni ine," anatero a Kaputeni mokweza, kuti ngakhale odutsa mumsewu amve nawo. "Masipanala, matcheni, hamala, zonsezo bweretsani kuno. Ine katundu sindimumva. Miyendo mukuionayi inabadwira panjinga."

Chete anali kuseri kwa chitseko cha shopu ya a Telala, akumanga zingwe za nsapato. Anawamva bambo akewo koma sanadzutse mutu. Anangokumbuka kuti dzana lomweli, kunyumba, miyendo yobadwira panjingayo inakana kunyamula ndowa ya madzi kuchoka pampopi kukafika kubafa, ati chifukwa cha bondo. Anamaliza nsapato imodzi, n'kuyamba inzake.

Unali m'mawa wonyamuka ulendo. Kalabu ya njinga ya m'tauni yawo inkakhala ndi mamembala ambiri pa nthawi ya tiyi, koma ukayandikira ulendo wautali wa chaka ndi chaka, ambiri ankapezeka kuti ali ndi odwala kumudzi. Chaka chimenecho anatsala atatu. Panali a Telala, bambo wowonda wosatha nthabwala. Panali a Nesi, mayi wojintcha amene ankapalasa pang'onopang'ono koma osaima. Ndiye panali a Kaputeni. Ukaputeniwo palibe anawasankha. Kuntchito anali kalaliki wosunga makiyi, koma tsiku lina anagula wezulo n'kuikoleka m'khosi, nkhani n'kuthera pomwepo.

Wachinayi anali Chete, mwana wawo wamkazi wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Dzinali anamupatsa ndi achimwene ake, zotsatira za mayeso zitatuluka iye atalephera. Tsiku limenelo sanalire. Analowa m'chipinda chake n'kuyamba kuyang'ana denga, ndipo miyezi inadutsa. Akamupatsa chakudya ankadya, akamutuma ankapita. Amene anatopa nazo ndi mayi ake.

"Mutengeni pa ulendo wanuwo," anawauza amuna awo. "Akaone kuti kunja kukadali dzuwa."

Chete sanavomere, sanakanenso. Anangopezeka ali panjinga ya achimwene ake, chishalo atachitsitsa.

Ulendowo unali wokathera pamlatho wina wautali, kutali kumene phula sanafikeko. Pamlathopo ankajambulitsa chithunzi n'kubwerera pa lole. Malamulo a kalabu anali ochepa, ndipo onse anachokera pakamwa pa a Kaputeni. Lalikulu linali lakuti wochedwetsa gulu amakwera basi n'kubwerera kwawo. Chaka chapitacho lamuloli linagwira wometa tsitsi wina, amene mpaka lero akawaona a Kaputeni akudutsa amayamba kunola lumo mwakachetechete.

Katundu wa gulu anagawana pakhomo pa shopu pomwepo. A Nesi anatenga mankhwala ndi chakudya, a Telala matenti awiri, Chete mphika ndi makapu. Thumba la zitsulo linapita kwa amene analipempha. A Kaputeni analinyamula ndi dzanja limodzi kuti onse aone, ngakhale nkhope inawasintha pang'ono. Kenako anaimba wezulo, agalu a m'mbali mwa msewu n'kuyankha, ulendo n'kuyamba.

Moyo wa panjinga ulibe zambiri. Umadzuka kusanatenthe, kumwa tiyi ndi buledi wa dzulo, kupopa matayala, kumanga katundu, n'kupalasa. Ukaona mjigo umaima ngakhale botolo lisanathe, poti sudziwa kuti wina uli kuti. Masana umabisala pansi pa mtengo uliwonse umene mbuzi zakusiyirako. Madzulo umapempha malo pasukulu kapena kuseri kwa golosale, umachapa malaya, mawa lake n'kuwayanika pakatundu kuti aume ukuyenda. Midzi imafanana. Pamakhala ana othamanga m'mbali akukuwa, nkhuku yofunitsitsa kufera pansi pa tayala lako, ndi mdala wa pakhonde amene amafunsa kuti, "Mukuthawa chiyani?" Ukamuuza kuti palibe, amapukusa mutu mokumvera chisoni.

Moyo umenewu unamuyenera Chete. Panjinga palibe amene amayembekezera kuti uyankhule. Tsiku loyamba matako anawawa, lachiwiri anasiya kuwamva. Zala zinachita dzanzi, kuyambira chaching'ono, moti madzulo ankalephera kumasula batani la malaya. Ankangoyang'ana tayala lakumbuyo la a Nesi likuzungulira, m'mutu mwake muli mbee ngati msewu womwewo. Masiku oyambawo sankatsalira. Amene ankafika pomaliza pamwamba pa chitunda anali a Kaputeni, thukuta lili kamukamu, akufotokoza kuti anaima dala kuti aone ngati kumbuyo kulibe wotsala. Kumbuyo kwawo kunkakhala fumbi lokha.

"Mwachita bwino, bwana," ankatero a Telala. "Fumbilo likanasochera."

Ntchito yomanga katundu panjinga ya Chete anaitenga ndi bambo ake. "Kumanga katundu ndi luso," ankatero. "Iwe pita ukatsuke mphika, usiye apa, kenako ukadzaze mabotolo." Akamabwera kumjigo ankapeza zikwama ziwiri za m'mbali mwa kaliyala zitamangidwa kale ndi mphira, mfundo zake zolimba ngati zomangira ng'ombe yolusa. Madzulonso bambo ndi amene ankamasula iye ali kotunga madzi, akabwera n'kumuponyera bulangete lake. Iye ankangogwira kachikwama ka pamwamba momwe munali sopo ndi zovala.

Patapita masiku angapo njinga ya Chete inayamba kulemera. Ponyamuka inkakana, pachitunda inkakokera m'mbuyo, pamtsetse inkathamanga mokayikitsa ngati ili ndi ulendo wakewake. Chete sanadabwe. Chiyambire mayeso aja anazolowera kuti chinthu chikavuta, wavuta ndi iyeyo. Anaganiza kuti miyendo yatopa monga mmene mutu unatopera. Tayala la a Nesi linayamba kuchepa patsogolo pake, linasanduka kadontho, kenako n'kusowa.

M'masiku omwewo a Kaputeni anapeza mphamvu zatsopano. Ankatsogola malaya akuuluka, ndipo pamwamba pa chitunda chilichonse ankaima manja ali m'chiuno, kudikira anzawo.

"Thupi langa limachedwa kutentha, ngati lole," ankafotokoza. "Koma likatentha, simungaligwire."

"Ndiye utsi tinkauona masiku oyamba uja," anatero a Telala.

Tayala la a Telala likaphulika, zimene zinkachitika kawirikawiri poti anali munthu wokhulupirira zigamba kuposa chubu chatsopano, a Kaputeni ankasolola pampu ndi guluu m'kathumba ka kutsogolo n'kupereka ngati akupereka mphoto. Zitsulo zikuluzikulu masana sizinkafunika, ndiye palibe ankafunsa za izo. Chete akafika, tayala litamatidwa kale ndipo onse atapuma, bambo ake ankayang'ana wotchi.

"Iwe, gulu silidikira munthu. Lamulo ukulidziwa." Ankanena zimenezi akuyang'ana kumbali, kumitengo.

"Ndamva, Bambo."

Madzulo ena, pamalo pamene foni inagwira, a Kaputeni anaimbira kunyumba. Anawafotokozera akazi awo mapiri amene anagonjetsa, kuwatchula limodzilimodzi, mpaka mayiwo anawadula kuti apatse mwana foniyo.

"Uli bwanji kumeneko?"

"Bwino."

"Ukudya?"

"Eya."

"Bambo ako akukusamala?"

Chete anayang'ana bambo ake, amene ankauza a Nesi mmene munthu ayenera kupumira pachitunda.

"Amandimangira katundu," anatero.

Chodabwitsa n'chakuti m'masiku ovutawo ndi mmene Chete anayamba kufuna chinthu. Sichinabwere ndi chimwemwe ayi. A Nesi, akumupaka mafuta m'zala, anangotchula kuti mlatho uja ndi wamatabwa, ndipo njinga ikamadutsa matabwawo amalira motsatizana kuyambira tsidya lino mpaka tsidya linalo. Mawa lake, ali yekha pakati pa minda, Chete anazindikira kuti akufuna kumva kulira kwa matabwawo pansi pa matayala ake. Kwa miyezi yambiri sanafunepo kanthu, ngakhale shuga wa m'tiyi. Anachisunga chinthucho mosamala osauza munthu, ngati dzira m'thumba la malaya.

Tsiku lina masana mvula inamupeza ali yekha, anzake atapita kale. Anakankhira njinga pakhonde la chigayo chotseka n'kuyamba kufuna pepala la pulasitiki limene mayi ake anamuikira. M'kachikwama ka pamwamba munalibe. Analimbana ndi mfundo za bambo ake ndi zala zosamvazo, mpaka anachita kumasula ndi mano. M'chikwama cha kumanzere munali mphika, monga ankadziwira. Koma mphikawo unakana kunyamuka. Atavundukula anapezamo matcheni awiri, atakulungidwa m'malaya akale a bambo ake kuti asalire. M'chikwama cha kumanja, pansi pa bulangete, munali hamala, masipanala akuluakulu, mapedulo osinthira ndi zikhomo zachitsulo za matenti. Chilichonse chinali m'kansanza kake, choyalidwa bwinobwino. Linalidi luso.

Anakhala pansi pakhondepo n'kumaziyang'ana. Anadikira kuti mkwiyo ubwere. Mvula inkagunda malata, madzi akuyenderera m'ngalande. Mbuzi ina inabwera kudzabisala nawo, n'kununkhiza hamala. Mkwiyo sunabwere. Chimene chinabwera ndi ganizo limodzi lozizira: ndiye kuti si miyendo. Analitembenuza ganizolo kangapo koma sanadziwe poliika. Mvula itakata anabwezera chilichonse m'nsanza yake, n'kumanga mfundo monga anazipezera.

Madzulo amenewo anapempha malo pasukulu ina. Chete akuchokera kumjigo anawapeza bambo ake kuseri kwa kalasi, atakhala pamwala, buluku atalipinda. Bondo lakumanja linali litatupa ngati papaya, ndipo ankalisisita atatsinzina. Atamva mapazi anagwetsa buluku msanga n'kuyamba kuyang'ana kumwamba.

"Mawa kulibe mvula," anatero.

"Bambo, bondo likupweteka?"

"Bondo liti?"

Chete anaima pang'ono, madzi akudontha m'mabotolo. Anawapatsa mpata. Koma bambo ake anapitiriza kuyang'ana mitambo, ndipo iye anadutsa.

Mawa lake mvula kunalibedi, koma msewu unali matope okhaokha, ndipo unalowa m'mapiri. Tsopano Chete ankadziwa chimene ananyamula, koma kudziwako sikunachepetse kulemera. Anapalasa mpaka njinga inaima yokha. Anatsika n'kuyamba kukankha. Matope ankamata matayala, iye n'kuima, kuwakokota ndi kamtengo, n'kukankhanso. Anthu opita kumsika mitolo ili pamutu ankamupitirira n'kumupepesa. Anaganizapo zoponya hamala m'tchire, koma madzulo matenti akanakhomedwa ndi chiyani? Anakankhabe.

Anafika pamsika wa pamwamba pa phiri dzuwa litapendeka. Anzake anali pansi pa mtengo, pafupi ndi mayi wina wogula nyemba amene anakoleka sikelo yake panthambi. Anali atadikira nthawi yaitali moti a Telala anali atasoka kale thumba long'ambika la munthu wina, pongotayitsa nthawi.

A Nesi anamugwira manja, kuwatembenuza, n'kumuyang'ana m'maso.

"Mwanayu watha, a Kaputeni. Taonani mmene akunjenjemerera. Ndipo kutsogoloku mapiri ndi oposa awa."

"Malo ogona alero tawaphonya kale," anatero a Telala, ulendo uno opanda nthabwala. "Sitikumuda mwanayu ayi. Koma lamulo ndi lanu lomwe, bwana. Wometa uja sanachedwe chonchi."

A Kaputeni anatsokomola. Anthu a pamsika anali atayamba kusendera, poti alendo ovala zipewa zonga zigoba za kamba sabwera tsiku lililonse. Ndipo a Kaputeni akaona anthu, mawu ankangobwera okha.

"Lamulo," anayamba, "lilibe mwana. Mtsogoleri weniweni saona nkhope. Ngakhale akhale magazi ako omwe..."

"Ndikufuna kukafika pamlatho," anatero Chete.

Onse anatembenuka. Anali asanamumvepo akuyamba yekha kuyankhula.

"Chaka chamawa, mwana wanga," anatero a Nesi mofatsa. "Mlatho suthawa. Wayesetsa, palibe angakuseke."

Chete anayang'ana bambo ake. Bambo ake anayang'ana wotchi. Mwina mumtima ankawerengera kuti basi ibwera mawa, kuti pakhalabe madzulo ena omasula katundu mwana ali kumjigo. Koma basi za kumidzi zimachedwa ukazifuna, n'kufulumira ukapanda kuzifuna. Nthawi yomweyo kunamveka hutala, ndipo basi yamatope inatulukira pakona, matumba ndi madengu zili padenga.

"Tauni! Tauni! Yomaliza iyi!" anakuwa kondakitala asanatsike n'komwe. "Pali wopita? Njinga ikwera pamwamba. Ya ndani? Ya asisiwa?"

A Telala anagwedeza mutu. Kondakitala anagwira mahandulo n'kuyamba kuikankhira kubasi, zikwama zili pomwepo. Zitsulo zonse za gulu zinali pa ulendo wa kutauni, a Kaputeni akuona.

Chete anasendera pafupi ndi bambo ake, n'kuyankhula motsitsa kuti ena asamve.

"Bambo, muuzeni adikire. Tipite nayo kuseri kwa golosale uko, mukachotse zanu zija. Ine ndiima kutsogolo, anthu saona."

A Kaputeni anatembenukira kwa iye.

"Wadziwa liti?"

"Dzulo. Pamvula paja."

"Ndiye lero lonseli... mapiri onsewa..." "Bwanji sunanene?"

"Mukanayankha chiyani pamaso pa a Telala?" Ananena mopanda mkwiyo, monga munthu amanenera kuti tiyi wazizira. "Fulumirani, basi ichoka."

Kubasi kuja kondakitala anayesa kunyamula njinga kuti apatsire mnzake wa padenga. Inakwera kufika m'chiuno n'kubwerera pansi.

"Iii! Asisi, mwaikamo njanji umu? Aise, tatsika udzandithandize. Iyi ilipira mitengo iwiri!"

Anthu anaseka. A Kaputeni anaika wezulo pakamwa, koma mpweya unatuluka wochepa moti inangolira ngati mwanapiye. Anaisiya n'kuyenda, akutsimphina poyera koyamba chiyambire ulendo, kukagwira chishalo cha njingayo.

"Isiyeni. Sakwera."

"Madala, tiuzeni chimodzi. Akwera kapena sakwera?"

"Ndati sakwera."

Kondakitala ananena mawu angapo okhudza anthu ovala zigoba kumutu, anamenya mbali ya basi, ndipo inanyamuka.

A Kaputeni anakankha njingayo kubwerera pansi pa mtengo. Kuseri kwa golosale sanapiteko. Anaima pamaso pa mayi wa nyemba uja n'kuvula chipewa.

"Mayi, ndibwerekeni sikelo yanu pang'ono."

"Mukugulitsa chiyani?"

"Palibe. Ndikungofuna ndione kukula kwa chinthu china."

Mayiyo anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuwapatsa thumba lopanda kanthu. A Kaputeni anagwada ndi bondo labwinolo n'kumasula mfundo zawo zija. Anatulutsa mphika n'kukhuthula matcheni. Anatulutsa hamala, masipanala, mapedulo, zikhomo, akuvula chilichonse kansanza kake n'kuchiponya m'thumba. Chitsulo chilichonse chinkalira pogwera pa chinzake, ndipo phokoso la pamsika linayamba kuchepa.

A Telala anatola sipanala imodzi n'kuitembenuza. Kenako anayang'ana njinga ya a Kaputeni imene inatsamira mtengo, zikwama zake zili zotupa bwinobwino. Anapita kukafinya chimodzi. Chinalowa ngati pilo.

"Zovala," anatero a Kaputeni osatembenuka. "Ndi mabotolo opanda kanthu."

A Telala anaponya sipanala ija m'thumba, opanda nthabwala.

Mayi wa nyemba anakoleka thumbalo pambedza. Muvi wa sikelo unathamanga, kunjenjemera, n'kuima.

"Makilo khumi ndi atatu," anawerenga mokweza, monga anazolowera. "Ameneyu ndi mwana woti anayamba kale kuthamanga. Ndiye mtsikanayu wakwera naye phiri lonseli?"

"Si phiri lokhali," anatero a Kaputeni. Anaimirira movutikira, anakonza kolala, n'kuyang'ana khamu. Chizolowezi sichifa msanga. "Abale anga, m'moyo wa munthu, makamaka munthu amene wasenza udindo, imafika nthawi imene..."

"Mawu achepe," anadula a Nesi. Sanakweze mawu, koma nkhope yawo inali ya m'chipinda cha jakisoni. "Ine ndakhala ndikumupaka mafuta mwanayu madzulo alionse, ndikudabwa kuti chikumudya n'chiyani. Ndangotsala pang'ono kumukweza basi ndi manja angawa. Nenani zimene munachita, basi."

A Kaputeni ananena. Popanda zokometsera nkhaniyo inali yaifupi. Bondo linatupa ulendo utangoyamba. Anaopa kuti a Telala aziseka mpaka chaka chamawa. Anasamutsa hamala yokha, ati kwa tsiku limodzi. Mwana sanadandaule, ndiye mawa lake anawonjezera matcheni. Sanadandaulebe.

"Mukanatiuza tikanagawana," anatero a Telala. "Kuseka ndikanasekadi, ndisaname. Koma hamalayo ndikanaitenga ndikuseka. Bweretsani masipanalawo kuno."

"Ayi. Ngongole iyi ndi yanga."

Anatsitsa thumba pasikelo. Anakhuthula mabotolo aja m'zikwama zawo, ana a pamsika n'kuwalimbirana, ndipo m'malo mwake analongedzamo zitsulo. Atamaliza anabwerera kunjinga ya Chete. Anatenga mphika, makapu, bulangete, ndi kachikwama ka sopo komwe, n'kuziunjika kumbuyo kwa njinga yawo mpaka katundu anapitirira chishalo.

"Mpaka pamlatho," anatero. "Wanyamula zanga, ndinyamula zako."

"Ndi bondo limenelo muzifika nkhuku zitalowa," anatero a Nesi. "Ndilimanga bandeji, koma bandeji si mwendo. Nanga lamulo lanu lija? Wochedwetsa gulu amatani?"

Onse anayang'ana kumene basi inalowera. Kenako, osadziwa chifukwa, anayang'ana Chete.

"Tiziwadikira," anatero Chete. "Pamwamba pa chitunda pamakhala kamphepo kabwino. Ndimamva anthu akutero."

A Telala anaphulika kuseka mpaka kugwira mtengo. A Kaputeni sanaseke. Anaima pamaso pa mwana wawo, chipewa chili m'manja, akuchizunguza.

"Pepa, mwana wanga," anatero, mawu ali pansi kwambiri.

"Kuno sitinamve," anatero mayi wa nyemba. "Za lamulo lopanda mwana zija zinamveka mpaka kumatimati uko. Sikelo mwabwereka yanga, ndiye mboni ndine. Bwerezani."

A Kaputeni anayang'ana amayi a matimati, anyamata ogulitsa mchere, a Telala, a Nesi.

"Ndati pepa, mwana wanga. Ndinakusenzetsa katundu wanga, n'kumakunena kuti ukuchedwetsa gulu. Amene amachedwetsa gulu ndine."

Mayi wa nyemba anagwedeza mutu n'kutembenukira kwa Chete.

"Iwe mtsikana, pano malonda satha mwini wake asanavomere. Walandira?"

Chete anayang'ana njinga yake. Inaima yopanda kanthu, yowonda, matope okhaokha. Anayang'ana ya bambo ake, imene tayala lakumbuyo linali litayamba kale kudandaula.

"Ndalandira," anatero.

"Taona tonse," anatero mayiyo. Anabweza muvi wa sikelo pamalo pake ndi chala, n'kukweza mawu. "Wotsatira! Nyembazo bweretsani kuno."